Kachitsulo ka M'diso la a Mmisiri

A Mmisiri anali ndi mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo ankagona kushedi.

Shediyo inali kuseri kwa msika, pakati pa wokonza matayala ndi mayi wogulitsa nsapato zakale. Inali ya malata odetsedwa ndi utsi, pansi pali mbwee timapisi ta marodi owotcherera ndi fumbi la chitsulo. Mmenemo a Mmisiri anawotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi kuyambira tsitsi lili bii mpaka linachita mbuu. Kumbuyo kunali kachipinda kosungiramo mapaipi, ndipo n'kumene anamuyalira makatoni mwana wawoyo atatuluka kundende. Kunyumba anamukaniza. Anati chitseko chimene kuseri kwake kumagona mkazi wawo sangachitsegulire munthu amene sakudziwa chimene chili m'mutu mwake, ngakhale munthuyo atakhala wobereka okha.

Mwanayo anthu ankamutchula kuti Nsangalabwi. Dzinali anamupatsa anzake kusukulu, chifukwa aphunzitsi ankathyolera ndodo pa iye koma msozi osauona. Anakula choncho, wosalira, wosaseka kwenikweni, wa mawu owerengeka. Tsiku lina atakangana ndi dalaivala wa lole amene anatseka khomo la shedi, anatola chitsulo chimene chinali pafupi n'kumuthyola mkono ndi nthiti. Kukhoti a Mmisiri analipo, atavala jekete. Woweruza atafunsa ngati akumva chisoni ndi zimene anachita, Nsangalabwi anangoti, "Zinachitika." Mawu amenewo anawakhala pamtima bambo ake zaka zonse zimene iye anali m'kati. Anamutulutsa nthawi isanakwane, koma anamuuza kuti akangokwezanso dzanja pa munthu, abwerera kukamaliza zotsalazo.

Madzulo aliwonse mayi ake ankavindikira mbale, kuimanga m'kansalu, n'kutsimphina nayo mpaka kushedi, poti bondo linkawavuta. Pobwerako mkangano unali womwewo, ngati nyimbo ya pa wailesi. A Mmisiri ankati mtima wouma umenewo ndi wa kuchikazi, n'kutchula mlamu wawo amene ukwati uliwonse ankautseka ndi zibakera. Make mbuu, mwana mbuu, ankatero. Mkazi wawo ankati mchimwene wawoyo akamenya munthu ankalira naye limodzi pambuyo pake, koma nkhope ya mwalayo ankaidziwa bwino kumene inachokera, poti akhala akuithirira tiyi kuyambira ali mtsikana.

"Inuyo, bambo ake, munalirapo liti?"

"Ine ndimalira tsiku ndi tsiku. Taonani diso ili."

"Imeneyo ndi misozi ya chitsulo. Musandinamize."

Apo mayiwo ankanena zoona. Diso lakumanzere la a Mmisiri linkadontha chaka chonse, ndipo chifukwa chake chinali chodziwika. Pa nsanamira ya shedi pankakhala maginito ochokera m'sipika ya wailesi yakale, ndipo amenewo ndiwo anali chipatala chawo. Gilayinda yodulira zitsulo ikalavulira munthu kachitsulo m'diso, sankataya tsiku pamzere wa odwala. Ankakulunga maginitowo m'kapulasitiki koyera, wina n'kukugwira chibwano, kukutsegula chikope, n'kuwayandikitsa pang'onopang'ono mpaka kachitsuloko kadumpha kokha. Ntchito imeneyo Nsangalabwi ankaidziwa kuposa onse amene anadutsa m'shedimo. Ena dzanja linkawanjenjemera, iye ayi. A Mmisiri ankamuyamikira mumtima, koma zinkawaopsanso. Mwana wamtundu wanji amene amafika pa diso la bambo ake dzanja lili chilili ngati akuyeza felemu? Choncho akamawachotsa kachitsulo, diso linalo ankalisiya lotsegula, likumuyang'ana.

Kachitsulo kamodzi kokha ndi kamene kanakana. Kanalowa mozama Nsangalabwi asanamangidwe, ndipo anayesa ndi maginito kangapo konse koma osatheka. Mwanayo anati apite kuchipatala. A Mmisiri anati diso lawo salipereka kwa anthu a mipeni. Kuwawa kunatha, misozi n'kutsala.

Lamulungu lina masana kunyumba kunafika mlendo, mayi wachitsikana wa nsapato zoyera. Anati ndi dokotala, koma osati wa malungo kapena chifuwa. Iye ndi anzake ankachita kafukufuku wa ubongo wa anthu amene amapweteka anzawo osamva chisoni, ndipo Nsangalabwi anali atavomera kale kudzera kwa bwana woyang'anira otuluka kundende. Mayi a m'nyumba atapita kukatereka tiyi, dokotalayo anafotokoza mofatsa. Anati m'mutu mwa munthu muli timalo timene timadzuka akaona mnzake akulira kapena akuchita mantha, ndipo zikuoneka kuti mwa anthu ena timaloti timadzuka mwaulesi. Chimene sichinadziwike bwino n'chakuti zimenezi munthu amabadwa nazo, kapena amazitola m'makulidwe, kapena zonse ziwiri. N'chifukwa chake ankafuna kujambula ana pamodzi ndi abambo awo.

"Ine sindinamenye munthu," anatero a Mmisiri. "Mutu wanga mukuufuniranji?"

"Tikufuna kuona ngati wa mwana umafanana ndi wa bambo ake, kapena ayi."

Khutu la a Mmisiri linaima. Mlandu umene unawatayitsa tulo ndi mkazi wawo zaka zonsezi, kodi kani pali makina oti angauweruze? Dokotala anaona kumene maganizo awo akulowera, ndipo anafulumira kunena kuti chithunzi cha munthu mmodzi sichinena kuti uyu ndi woipa, uyu ndi wabwino. Anati chinthu chimayamba kuoneka akaunjika zithunzi za anthu ambirimbiri, ndipo ngakhale pamenepo sichiuza munthu chimene adzachite mawa. A Mmisiri anagwedeza mutu ngati avomera. Anthu a mapepala ankawadziwa. Wophunzira akati sindikudziwa, ndiye kuti akudziwa koma sakufuna kukuuza. Anatsimikiza kuti tsikulo adzangomuyang'ana pankhope akamaona chithunzi cha mwanayo, ndipo nkhope siinama ngati pakamwa. Ikadzakhala bwino, mwanayo alowe m'nyumba. Ikadzakwinyika, akhale komweko ndi mapaipi.

Kenako dokotala ananena chinthu china chimene chinawadzutsa kwenikweni. Anati makina ojambulirawo ndi maginito aakulu, amphamvu moti angakoke mpando wachitsulo kuchokera pakhomo, ndipo munthu amene ali ndi chitsulo m'thupi saloledwa kuyandikira chifukwa n'zoopsa. Anafunsa ntchito imene bambowo amagwira. A Mmisiri anayang'ana uku ndi uku. Pakona pa chipindacho panali makina osokera a mkazi wawo, atafundidwa kansalu ka maluwa.

"Ndine telala," anatero.

Sabata yonseyo ankawotcherera akuimba mluzu, mpaka wokonza matayala anafunsa ngati apeza mkazi wachiwiri. Nkhani ya maginito sankafunika kuphunzitsidwa ndi mtsikana wa nsapato zoyera. Anakalamba nawo. Aang'ono amakoka chapafupi, aakulu amakoka chakuya, mwana wa sukulu amene angakuuzeni. Zoti n'zoopsazo anaziona ngati msampha woti munthu akathere kwa anthu a mipeni aja. Ulendo umodzi ukanawabwezera zinthu ziwiri: chilungamo pa mlandu wa magazi, ndi diso louma. Sanauze munthu. M'mawa wa tsikulo anapempha mkazi wawo kampango koyera kosita, n'kukapinda bwino m'thumba la jekete. Anafuna kuti kachitsuloko kakadumpha akakulunge, adzakaike patebulo pamaso pa mayiwo.

Anakumana ndi Nsangalabwi pageti la chipatala. Anali atasamba, atavala malaya a kolala amene mayi ake anamupititsira m'kansalu ka mbale. Anapereka moni, bambo ake n'kuyankha ndi mphuno. Anadutsa m'makonde aatali onunkha mankhwala opukutira pansi, mpaka pa benchi ina pafupi ndi chitseko cha magalasi pamene panaima mlonda wachikulire wa chipewa chachikulu kuposa mutu. Apo anawalekanitsa. Dokotala anatenga Nsangalabwi kupita naye kuchipinda kumene amamangirira tiwaya ku zala za munthu n'kumuonetsa zithunzi za anthu olira ndi ovulala, kuti aone ngati thupi lake lichita kanthu. A Mmisiri anatengedwa ndi namwino wamwamuna kulowera kumakina.

Namwinoyo sanachite ulesi, a Mmisiri anavomereza zimenezo mumtima. Anafunsa ngati anachitidwapo opaleshoni, ngati ali ndi chipolopolo kapena waya m'thupi, ngati anagwirapo ntchito ya zitsulo, ngati chinawalowapo m'maso. Iwo ankangoti ayi, ayi mwanawe, ayi. Anayang'ana zipsera za m'manja mwawo, iwo anati ndi ayironi yamakala, imene telala aliyense amapsa nayo. Anayang'ana diso lodonthalo, iwo anati ndi ukalamba ndi kulowetsa ulusi pa singano. Anabwereza funso la zitsulo lija, n'kunena kuti akufunsa chifukwa munthu angathe kuchita khungu. A Mmisiri anafunsa ngati kusukulu kwawo anaphunzitsidwa kuti mdala aliyense ndi wabodza. Namwino anapepesa.

Anawavula jekete, lamba, wotchi ndi makiyi, n'kuwaveka chovala cha odwala chomanga ndi tizingwe kumbuyo, chimene chimasiya msana ndi zina zonse pamphepo. Kampango kaja anakana kukasiya, anakafumbata m'dzanja. Anayenda wopanda nsapato pa simenti yozizira mpaka pa mzere wachikasu wolembedwa pansi. Kutsogolo kwa mzerewo kunali chitseko chokhuthala, ndipo mkati munaoneka chimphika choyera chokhala ndi dzenje pakati, chikupuma ngati chinyama chogona. A Mmisiri anachiyang'ana ndi ulemu. Anaganiza za kasipika kawo ka pa nsanamira, n'kukamvera chisoni.

Namwino atangogwira chitseko, kumbuyo kunamveka phokoso. Mlonda anakuwa, benchi inagwa, chitseko cha magalasi chinamenyeka kukhoma. A Mmisiri potembenuka anaona Nsangalabwi akubwera m'khondemo, tiwaya tikulendewera ku zala, nkhope ili yomwe ija ya kukhoti. Sankathamanga ngati munthu wothawa, ankabwera molunjika ngati lole yopanda mabuleki. A Mmisiri anati mumtima lafika tsiku lija. Zithunzi zawozo zamudzutsira chilombo, ndipo chayamba ndi amene anamugoneka pa makatoni. Anakweza manja kuphimba mutu.

Nsangalabwi anawagwira m'chiuno, kuwanyamula ngati thumba la simenti, n'kukawatsitsa kutali ndi mzere wachikasu uja, msana kukhoma. Tizingwe ta chovala tinaduka. Kenako anawatsitsa manja, kuwagwira chibwano, n'kutsegula chikope chakumanzere ndi chala chachikulu, monga ankachitira kushedi.

"Muli chitsulo umu," anauza namwino, mawu ali pansi ngati akunena za nyengo. "Sichinatuluke."

Alonda ena awiri anafika n'kumupotokola manja kumbuyo. Iye sanalimbane nawo. Mlonda wa chipewa uja anabwera akudzikoka, mlomo ukutuluka magazi, chipewa chili m'manja, akunena kuti aitane apolisi. Anati anangomuuza kuti kuno salowa popanda chilolezo, iye n'kumukankha ngati chitseko. Wina anati ameneyu ndi mmodzi wa akaidi a dokotala aja, ndipo anthu amene anasonkhana m'khondemo anabwerera m'mbuyo. Namwino anati bambowa ndi telala, wawafunsa yekha kawiri konse.

Dokotala anafika akupuma mwabefu. Anafotokoza kuti ali mkati momumangirira tiwaya, anamuuza Nsangalabwi kuti popeza iye ndi wowotcherera, asanalowe m'makina ayenera kujambulidwa kaye maso ndi ekisire, chifukwa maginitowo angatembenuze kachitsulo kali konse m'kati mwa diso n'kuling'amba. Mnyamatayo anafunsa kuti bambo ake ali kuti. Atamuuza kuti apita kale kumakina, poti telala safunika zimenezo, anangodzuka ndi tiwaya tomwe n'kutuluka. Dokotalayo anatembenukira kwa a Mmisiri.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Ndinu telala?"

A Mmisiri anaima atagwira chovalacho kumbuyo ndi dzanja limodzi, lina litafumbata kampango. Amayi a m'khondemo ankayang'ana kumbali mwaulemu, koma osachoka. Mlonda anawafunsa ngati chigawengacho chawapweteka, ndipo kunena zoona nthiti zinkawawa. Anaona bwinobwino mmene zinthu zinalili. Akati ndi telala, ndiye kuti mkaidi wamenya mlonda n'kugwira nkhalamba popanda chifukwa, ndipo dzuwa lisanalowe akhala ali m'galimoto ya mawaya yopita kundende. Akati si telala, ndiye kuti mdala wa imvi wanama ngati mwana woba shuga, pamaso pa anthu, matako ali pamtunda.

Anayang'ana mwana wawo kuti mwina awapempha ndi maso. Sanawapemphe. Ankangoyang'ana kukhoma, manja ali kumbuyo, ngati munthu wodikira basi. Zimenezo zinawapsetsa mtima kwambiri. Ngakhale pamenepa, osati n'komwe kuti bambo ndithandizeni. Koma chibwano chawo chinali chikumvabe pamene panagwira zala zija, ndipo sipankawawa. Munthu amene anagwetsa mlonda ndi benchi yomwe anafika pa diso lawo ngati akutola dzira.

"Telala wake uti?" anatero mokalipa, ngati wolakwa ndi dokotalayo. "Manja awa mukuwaona ngati a telala? Batani lomwe sindidziwa kusoka. Musiyeni mwanayo."

Ananena zonse, za gilayinda, za kasipika ka pa nsanamira, ndi zoti anabwera kuti maginito aakuluwo amalize ntchito imene aang'ono analephera. Anatambasula kampango kuti aone kuti sakunama. Mnyamata wina wokankha machira anaphulika kuseka, ndipo a Mmisiri anamufunsa ngati bambo ake ali moyo, ndi ngati amawasekanso choncho. Dokotala sanaseke. Anauza alonda kuti amusiye Nsangalabwi akhale pa benchi, n'kutumiza a Mmisiri ku ekisire.

Pa chithunzicho kachitsuloko kanaoneka mbee, kadontho kochepa ngati mutu wa pini, kali m'kati mwenimweni. Dokotala anati maginito a kushedi amakoka kachitsulo kamene kangomata pamwamba, ndipo kamatulukira kumene kanalowera. Aakuluwo sasankha njira. Akanakapotoza pomwe kalipo, n'kudula zimene zili pafupi. A Mmisiri anayang'ana kadonthoko nthawi yaitali. Anati mwina ndi choncho, poti makinawo ndi awo, koma iwo sanaonepo maginito ochita zimenezo. Kalata yopita nayo kwa madokotala a maso anailandira ndi zala ziwiri, ngati yotentha.

Unatsala mlandu wa mlonda. A Mmisiri atavala jekete lawo anapita kukakhala naye pa benchi imene inali itapindika mwendo. Anamutchula kuti achimwene, n'kunena kuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma lero zatembenuka, wadya ndi mkulu. Anafunsa ngati ali ndi njinga. Mlonda anati ilipo, koma keliyala inathyoka. A Mmisiri anati aibweretse kuseri kwa msika, idzatuluka yoti n'kunyamula ng'ombe, ndipo benchiyo aiwongolanso. Mlonda anasisita mlomo, kenako anati iyenso ali ndi bambo ake okalamba kumudzi, osamva ngati amenewa. Koma anafuna kuti mnyamatayo apepese ndi pakamwa pake. A Mmisiri anamuponda Nsangalabwi phazi.

"Pepani," anatero Nsangalabwi, ngati akuwerenga chikwangwani.

"Kupepesa kwake n'kumeneko?"

"Landirani, achimwene," anatero a Mmisiri. "N'kwakukulu kumeneko. Ine amene ndinamubereka sindinakulaweko."

Asanachoke anamukokera dokotala pambali, n'kufunsa chimene anadzera. Anafunsa kuti m'mutu mwa mwanayo wapezamo chiyani, ndipo anamuyang'anitsitsa pankhope monga anakonzera. Dokotala anati sanamujambule n'komwe, ndipo ngakhale akadzamujambula sadzatha kuwauza zoti amulowetse m'nyumba kapena ayi. Anati sanganene kuti ndi munthu wofatsa, poti mlomo wa mlonda ukuoneka, ndipo mkono wa dalaivala uja unathyokadi. Anati Nsangalabwi ayenera kumabwera kudzaphunzira kugwira mtima, chifukwa tsiku lina sipadzakhala bambo woti amuyankhulire. Koma anatinso mnyamatayo ankadziwa bwino chimene chimamudikira akakankha munthu, ndipo anakankhabe.

"Zimene ndaona ine ndi zimene mwaona inu, bambo. Ndilibe zina zobisa."

Nkhope yake sinakwinyike, sinamwetulirenso. A Mmisiri anaona kuti mtsikanayu anamuphunzitsa bwino kubisa.

Anabwerera wapansi, bambo patsogolo, mwana pambuyo, dzuwa litapendeka. Atafika pa mlatho wa pafupi ndi msika a Mmisiri anaima ngati akukonza nsapato, n'kufunsa osatembenuka chifukwa chimene sanangouza dokotala pakamwa, m'malo mogwetsa anthu.

"Akanayamba mafunso," anatero Nsangalabwi. "Inu mukanakhala mutalowa."

"Nanga akanakubwezera kundende?"

"Akanandibwezera."

"Ndiye unachitiranji?"

Nsangalabwi anaganiza pang'ono. "Mukachita khungu, amayi sangathe kukutsogolerani. Bondo lija."

A Mmisiri anayenda nawo mawuwo mpaka kushedi, akuwatembenuza uku ndi uku ngati chitsulo chimene sukudziwa ngati chapsa. Mwanayo sanati ndimakukondani, sanati ndinachita mantha. Anangowerengera ngati munthu woyeza geti, kuti apa pakachoka ichi, apo pagwa. Kaya umenewo ndi mtima kaya ndi masamu, iwo sanadziwe, ndipo makina oti awauze anali atawakana. Anakumbukiranso kuti iwowo pa maliro a bambo awo sanalire. Anakhala tsiku lonse akukhoma bokosi, chifukwa limene linagulidwa linali la matabwa osalimba. Koma zimenezo zinali zina, anadziuza choncho.

Nsangalabwi anatsegula loko, n'kulunjika kukachipinda kake.

"Pinda mabulangetewo," anatero a Mmisiri. "Mawa kukubwera mapaipi. Ndikufuna malo."

Kunalibe mapaipi amene ankabwera, ndipo onse awiri ankadziwa. Nsangalabwi anapinda mabulangete, kumanga ndi waya, n'kusenza paphewa.

Kunyumba anapeza mayi ake ali pakhomo atamanga kale mbale m'kansalu, akufuna kunyamuka. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana mtolo wa mabulangete, n'kubwerera m'nyumba. Anamasula kansaluko, kuika mbaleyo patebulo, n'kukatenga mpando wa pa makina osokera kuti mipando ikwane itatu. Atakhala pansi anafunsa kuti makina aja aweruza bwanji.

A Mmisiri anati makinawo ndi a anthu a m'maofesi, salandira anthu ogwira ntchito. Koma anati mlanduwo watha ndithu, chifukwa anaona ndi maso awo mmene mwanayo anagwetsera mlonda, ndipo kagwetsedwe kameneko ndi ka mlamu wawo, osachotsera osaonjezera. Mayiwo anaika supuni pansi n'kufunsa kuti mlonda wake uti. Nsangalabwi anafotokoza m'mawu ochepa, osasiya za telala, za kampango, ndi za tizingwe ta chovala. Mayi ake anagwira pakamwa nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akulira kapena akuseka.

"Telala," anatero potsiriza. "Mawa mundisokere diresi, bambo ake. Ndipo kwa a maso mupita."

"Tiona."

"Ndiwaperekeza ndine," anatero Nsangalabwi, akutafuna.

A Mmisiri anafuna kukalipa kuti m'nyumba muno wolamula akadali moyo, koma diso lija linawasokoneza. Ndi kugwiragwira kwa tsikulo linali litafiira, likudontha kuposa masiku onse, mpaka msozi unagwera m'mbale. Anayamba kulitikita ndi chibakera. Nsangalabwi anadzuka, anasamba m'manja, n'kusolola kampango koyera kaja m'thumba la jekete la bambo ake. Anaima pambali pawo, kuwagwira chibwano, n'kuwatembenuzira ku windo kumene kunali kuwala.

A Mmisiri anayang'anitsitsa dzanjalo likubwera, kuti mwina lero linjenjemera pang'ono. Silinanjenjemere. Linabwera chilili ngati kale lonse.

"Musaphethire," anatero Nsangalabwi.

"Ndiwe ndani wondiphunzitsa?" anatero a Mmisiri. Anatsamira kumpando, n'kutseka diso labwinolo.